Phokoso la ekizozi si mphamvu ya njinga

Anyamata ena a kabaza pa Ntaja akuchotsa ekizozi yobwera ndi njinga n'kuikapo yaphokoso, ati iziliwirako. Kumeneko n'kutaya ndalama.

Ekizozi yopanda zotchinga m'kati imatulutsa utsi mofulumira. Kabureta ikapanda kusinthidwa, injini imalandira mpweya wambiri koma petulo wochepa, ndiye imatentha kwambiri mpaka mavavu kupsa. Njinga imafookanso ponyamuka, pomwe wonyamula matumba a mpunga kupita ku Liwonde amafuna mphamvu.

Wofunabe kusintha apite kwa makaniko akamusinthirenso jeti ya kabureta, kenako aziyang'ana pulagi. Ikayera mbee, injini ili pangozi; yabwino imakhala yofiirira.

Njinga ikagona kwa makaniko, wakabaza sapeza ya ndiwo, pomwe mwini njinga akudikirabe yake ya tsiku.