Jakobo Sanali Wa Nthabwala Zokha

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Mwambi umenewu ukuyenera bwino pa nkhani ya malemu a Eric Mabedi, amene mtundu wonse unkawatchula kuti Jakobo. Iwo anatisiya mu Ogasiti 2021, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, patapita zaka zisanu chimwalirire mnzawo a John Nyanga, omwe ankatchedwa Izeki, mu Meyi 2016. Tsono funso limene tifuna kulingalira lero, awerengi okondedwa, ndi ili: kodi munthu ameneyu tinamudziwa yense, kapena mbali imodzi yokha?

Mukafunsa anthu a ku Misesa, ku Bangwe ngakhale ku Ndirande, ambiri angokuuzani za Izeki ndi Jakobo, amuna awiri wamba okangana pa zinthu za tsiku ndi tsiku mpaka omvera kugwira nthiti. Zimenezo nzoona ndithu. Koma a Mabedi analinso mtsogoleri wa gulu la Kwathu Drama Group, limene linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo linayendayenda m'maholo a dziko lino ndi masewero aatali a m'Chichewa. M'masewero amenewo munali maukwati osweka, umphawi, matenda ndi chinyengo. Munthu yemweyo amene ankatiseketsa pa wailesi ya kanema ankatha kukhalitsa chete holo yonse, anthu nabwerera kwawo akusinkhasinkha za mabanja awo.

Alipo ena amene amayesa kuti kuseketsa ndi ntchito yopepuka, yosafuna nzeru. Maganizo otere anakula chifukwa kwa nthawi yaitali ulemu unkapita ku masewero a m'Chingerezi. Mpikisano wa masukulu a sekondale wa ATEM unali wa m'Chingerezi, ndipo a Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 namwalira mu 1999, anatchuka kwambiri ndi chilankhulo chomwecho. Sitikuchepetsa ntchito yawo yaikuluyo ayi. Tikungoti mayi wogulitsa tomato pa msika wa Limbe nayenso anali ndi ufulu woona moyo wake pa bwalo la zisudzo, m'chilankhulo chimene amalira nacho maliro.

Ndiponso nthabwala ya anthu awiri ili ndi malamulo ake ovuta. Wina amatchera msampha, mnzake nagweramo. Ukafulumira kuyankha, anthu sanamve bwino. Ukachedwa, nsima yazizira. Wodziwa kudikira kamphindi koteroko ndi yemwenso amadziwa nthawi yokhala chete pa sewero la chisoni. Luso lake ndi limodzi: kumvetsera mnzako, ndi kumvetsera anthu amene akuonera. Nchifukwa chake tikuti Jakobo woseketsa ndi a Mabedi a ku Kwathu sanali anthu awiri. Nthabwala inali chipande chimene ankaomolera nacho mawu owawa, kuti atsike pakhosi popanda kutsamwitsa.

Nanga ife tawasungira chiyani? Sewero la pa bwalo lili ngati mame. Dzuwa likatuluka, lapita. Buku limakhala pa alumali, nyimbo imabwerezedwa pa wailesi, koma sewero limene silinalembedwe kapena kujambulidwa limaikidwa m'manda limodzi ndi eni ake. Ngakhale bwalo la French Cultural Centre, limene pambuyo pake linatchedwa Blantyre Cultural Centre, kumene magulu ambiri ankaonetsa luso lawo, linaonongedwa ndi akuba Afalansa atachokapo, ndipo kukonzanso kwake kunatenga zaka zambiri.

Tsono pempho lathu nali. A wailesi ya MBC, pamodzi ndi osunga mbiri ya dziko ku Zomba, asonkhanitse matepi ndi zolemba zonse za Kwathu zimene zingapezeke, anthu amene anasewera ndi malemuwa adakali moyo. Aphunzitsi a Chichewa aziwerengetsa ana masewero amenewa monga amachitira ndi mabuku ena. Ndipo inu makolo a m'makomboni athu, mwana akaonetsa mphatso yoseketsa anzake, musamuthamangitse ngati wopanda pake. Mufunseni ngati angathenso kuwaliritsa. Akatha zonse ziwiri, dziwani kuti pakhomo panu pabadwa mmisiri.