Mutu ukakula sulewa nkhonya

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Munthu akavomera udindo amavomeranso kunenedwa, ndipo pa nkhonya zonse zimene wolamulira amalandira, imene imamuwawa kwambiri ndi kusekedwa. Chipongwe amatha kuchibwezera, mlandu amatha kuuzemba, koma mudzi wonse ukamufera nacho chiseko alibe pothawira. N'chifukwa chake ndikuti achinyamata a kwa Kasisi kuno ku Chikwawa, amene amachita zisudzo kusukulu, kutchalitchi kapena pa foni, asamaope kuseka wakuba wa paudindo, ndipo akuluakulu asamawatseke pakamwa.

Opanga mafilimu anazindikira kalekale mphamvu imeneyi. Mu 1940, Adolf Hitler akunjenjemeretsa Ulaya, dziko la America lisanalowe n'komwe m'nkhondo, Charlie Chaplin anatulutsa filimu ya The Great Dictator. M'menemo wolamulira wankhanza Adenoid Hynkel, chifaniziro cha Hitler, amavina ndi chibaluni chojambulidwa mapu a dziko lonse, kuchiponya m'mwamba monyadira, mpaka chimuphulikira m'manja. Anthu amene ankaopa Hitler anaona kuti nayenso ndi munthu wamba wodzikuza. Kuno ku Africa, mu 1975 Ousmane Sembène wa ku Senegal anatulutsa Xala, mmene mabwana atsopano amalandira zikwama zodzaza ndalama kuchokera kwa azungu, ndipo mmodzi wa iwo, El Hadji, amagulitsa mpunga woyenera anthu kuti akwatire mkazi wachitatu, kenaka amafa kutsogolo usiku wa ukwati womwewo. Boma la Senegal linadula zigawo zina za filimuyi, umboni wakuti nkhonya inafika pamutu.

Nkhani ya mpunga wa El Hadji si yachilendo kwa munthu wa m'chigwa cha Shire. Madzi anasefukira mu Januwale 2015, anabweranso ndi namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndipo nthawi iliyonse thandizo likafika pamabuka funso lomwelo: mayina a m'kaundula walemba ndani, nanga matumba ena a chimanga alowera kuti? Ku Lilongwe nako, mu 2013 Cashgate inaulula ndalama za boma zili m'mabuti a galimoto, ndipo mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaonetsa ndalama zambiri zitathera m'maalawansi. Mayi amene watsala ndi lichero lokha sangawerenge lipoti la owerengera ndalama za boma. Koma akaona sewero la mlembi amene akuitana mayina a anthu omwalira kwinaku akukankhira thumba kuseri kwa tebulo, amamva zonse nthawi yomweyo.

Ena amati kuseka mfumu, khansala kapena phungu n'kusowa mwambo. Mwambo wathu womwewo ndiwo ukuwatsutsa. Gule Wamkulu, amene Amang'anja amavina monga Achewa, ali ndi zilombo zoseka woledzera, wadyera ndi mlendo wodzikweza, ndipo zimavina pabwalo mfumu ili pompo. Amayi pamtondo akhala akuimba zodzudzula amuna ndi apongozi popanda wowaimba mlandu. Makolo anasiya dala khomo limeneli kuti wamng'ono azitha kunena zoona kwa wamkulu popanda kukhetsa magazi. Chimene chinabwera pambuyo ndi kutseka pakamwa: lamulo la 1968 lounika zisudzo, mabuku ndi mafilimu, limene m'nthawi ya chipani chimodzi linkachititsa kuti sewero lidutse kaye kwa akuluakulu a boma lisanafike kwa anthu. Ngakhale zinali choncho, Amalawi anakonda anthabwala Izeki ndi Jakobo, ndipo pambuyo pake anakonda sewero la Tikuferanji, chifukwa ankadziona okha ndi mabwana awo m'nthabwalazo.

Ena amati kuseka sikubweza ndalama, ndipo apa ali ndi mfundo. Chaplin sanagwetse Hitler. Anamugwetsa ndi asilikali. Palinso ngozi yakuti anthu akaseka mtima umatsika, n'kubwerera kunyumba ataiwala. Koma katangale amakhalira mantha ndi chinsinsi, ndipo chiseko chimathyola zonse ziwiri. Munthu amene dzulo anaseka mlembi wakuba pabwalo, mawa amalimba mtima kuimirira pamsonkhano wa komiti ya chitukuko n'kufunsa kuti kaundula awerengedwe poyera, kapena kukanena ku Anti-Corruption Bureau. Sewero limayambitsa ntchito, otsiriza ndi anthu eniake.

Ochita zisudzo nawonso ali ndi malire oyenera kusunga. Nthabwala izilunjika wamphamvu ndi zochita zake. Kuseka wolumala, wamasiye kapena kalankhulidwe ka Msena ndi nkhanza chabe, ndipo anthu a kuno akudziwa kuwawa kwake. Kunamizira munthu wodziwika kuba popanda umboni nakonso ndi mlandu. Koma sewero likanena zoona, mfumu kapena phungu wanzeru asatume anyamata kukaliletsa. Akhale pampando wakutsogolo, aseke nawo limodzi, kenaka akakonze zimene zamukhudza, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.