Dennis Liwewe ndi Masewero a pa Wailesi

Kuulutsa masewero pa wailesi muno m'Zambia kunakula ndi munthu wobwera. Dennis Liwewe anabadwira ku Malawi mu 1936, nadzayamba utolankhani ku migodi ya ku Copperbelt. Akamaulutsa mpira, mawu ankamuthamanga m'kamwa, moti ku Chipata, Katete ndi Lundazi anthu ankaunjirira wailesi imodzi, ena n'kumaimirira chigoli chisanalowe. Anamwalira ku Lusaka mu 2014, ataona Chipolopolo itatenga chikho cha Africa mu 2012.

Basketball sinapezebe mlankhuli wotere. Kuno kum'mawa kwa Zambia masewerowa amathera pa mabwalo a sukulu, osamveka kutali. Mawailesi a m'chigawo chino ayenera kuwapatsa nthawi, ndipo m'Chinyanja.