Cipolopolo Codula Sicigula Luso la Mlenje

Pa YouTube ndi pa TikTok pali mavidiyo ambili a alenje a ku America amene amasaka nkhukundembo za m'thengo. Munthu wabisala patsinde pa mtengo, mbalame ili kutali moti kamela ikuvutika kuiona, mfuti yalila, mbalame yagwa, ndipo pansi pa vidiyo alemba monyada kuti mayadi 70. Anthu amaomba m'manja. Ine m'manja sindiomba. Kulasa nkhukundembo pa mtunda wotele ndi juga, ndipo juga imeneyi ikalephela amene amalipila ndi mbalame, imene imathawa ndi njele m'thupi kukafela kumene kulibe kamela.

Tiyambe ndi mmene ulenje umenewu umacitikila. Nkhukundembo ya m'thengo kwawo ndi ku North America. Kuyambila mu March mpaka mu May atambala amalila m'mamawa kufuna zazikazi. Mlenje amakhala pansi osagwedezeka, n'kumaliza kabokosi ka thabwa kapena kacipangizo ka m'kamwa kotengela kulila kwa thadzi, kuti tambala abwele yekha. Mbalameyi ili ndi maso akuthwa, ndipo tambala wamkulu amafika makilogalamu 8 kapena 10. Nthenga zake ndi mapiko ake n'zolimba, conco salasa pathupi. Amalasa mutu ndi khosi, kuti njele zipeze ubongo kapena fupa la khosi. Malo onsewo ndi aang'ono kuposa cikhato canu.

Mfuti yake ndi cifefe, imene imatulutsa njele mazanamazana nthawi imodzi, ndipo njelezo zimamwazikana pamene zikupita kutali. Kukamwa kwa mfuti amamangilako kacitsulo kochedwa choke, kamene kamapanikiza njele monga mmene mumapanila paipi ya madzi ndi cala kuti madzi afike patali. M'cifefe ca 12 gauge mpope ndi waukulu pafupifupi mamilimita 18.5, koma choke ya nkhukundembo imaucepetsa kufika pafupifupi 17. Alenje a kumeneko akhala ndi muyezo wawo kwa zaka zambili: imika pepala pa mayadi 40, amene ndi pafupifupi mamita 37, jambula mzele wozungulila wa masentimita 25, ombela, welenga maboo. Akakwana 100, mfuti ndi cipolopolo zagwilizana. Akapelewela, sintha choke, sintha cipolopolo, kapena yembekeza mbalame ifike pafupi.

Kale njele zinali za mtovu, za nambala 4, 5 kapena 6. Nambala ikakula, njele imacepa. Mu magalamu 28 a nambala 5 mumakhala njele pafupifupi 170. Kenako kunabwela njele za citsulo ca tungsten zochedwa TSS, zimene poyamba alenje ankazilonga okha kunyumba, ndipo mu 2018 kampani ya Federal inayamba kuzigulitsa zolongeka kale. Tungsten imeneyi imalemela magalamu 18 pa malo amene mtovu umalemela 11 cabe. Ndiye kanjele kakang'ono ka nambala 9 kamalowa m'fupa mofanana ndi nambala 5 ya mtovu, ndipo mu magalamu 28 omwewo mumalowa njele pafupifupi 360. Mtengo wake ndi woopsa: cipolopolo cimodzi cimapitilila madola 10, ndipo m'bokosi mumakhala zisanu.

Wina adzati, nanga colakwika n'ciani ngati cinthu cikugwila nchito? Pa citsulo ceniceni palibe colakwika, ndipo ndikuvomela. Pa mayadi 40 TSS imapha msanga, mbalame osazunzika. Imalola mwana kapena munthu wocepa thupi kugwilitsa nchito kamfuti kopepuka ka .410 kapena 20 gauge, kosamenya phewa. Komanso ilibe mtovu. Ife a mu Zambia sitifunika kuuzidwa za mtovu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lelo ana a kumeneko akupezeka nawo m'magazi. America inaletsa njele za mtovu posaka abakha mu 1991, ndipo California inaziletsa pa ulenje wonse mu 2019. Ngati munthu wagula TSS kuti asasiye poizoni m'thengo ndi m'nyama, wacita bwino.

Mkangano wanga uli pa bodza limene limagulitsidwa pamodzi ndi bokosilo, lakuti ukalipila zambili wagula ufulu woombela patali. Pepala silisuntha, ndipo mtunda wake unayezedwa ndi tepi. M'thengo mtima ukugunda, udzu wabisa nthaka, ndipo munthu amene akuganiza kuti mbalame ili pa mayadi 60 angapeze kuti inali pa 70. Pamenepo njele zatsika kale, mphepo yazikankhila pambali, ndipo pakati pake patseguka mipata yoti mutu wa mbalame n'kupitamo. Njele ziwili kapena zitatu zikalowa m'matumbo kapena m'mwendo, tambala amathamanga ndithu, n'kukafa patapita masiku. Vidiyo ya tsiku limenelo palibe amene amaiika pa intaneti. Inu mumaona zokhazo zimene zinagwa.

Cina coseketsa n'cakuti choke yothina kwambili, imene amaigula cifukwa ca mtunda, imawapusitsa mbalame ikafika pafupi. Pa mayadi 15 njele zonse zimakhala zitaunjikana ngati nkhonya, ndipo tambala akangopotoza khosi, zonse zapita pambali. Ndiye munthu amagula kagalasi ka kadontho kofiila koyang'anilamo. Kenako amagula makina oyezela mtunda. Cogula ciliconse cimabala cinzake, ndipo amene akusekelela ndi wa sitolo.

Palinso moyo wa anthu. Pa ulenje umenewu aliyense wavala zofanana ndi masamba, akulila ngati thadzi, ndipo ena aimika zidole za nkhukundembo patsogolo pawo. N'cifukwa cake alenje amalangizidwa kuti asavale zofiila, zoyela kapena za buluu, mitundu ya mutu wa tambala. M'madela ambili lamulo la nyengo imeneyi limalola kupha yokhayo imene ili ndi ndevu za pacifuwa. Kodi pa mayadi 70, m'mithunzi ya m'mamawa, ndani angalumbile kuti waona ndevu, ndiponso kuti kumbuyo kwa mbalameyo kulibe munthu? Njele imene imaboola fupa patali imaboolanso nkhope ya mlenje mnzako.

Mbalameyi inatsala pang'ono kutha. Pofika m'ma 1930 inali itasowa m'madela ambili cifukwa ca kudula nkhalango ndi kusaka kopanda malile. Lamulo la Pittman-Robertson la 1937 linatenga msonkho wa mfuti zosakila ndi zipolopolo n'kuupeleka ku nchito yosamalila nyama. Kuyambila m'ma 1950 anayamba kugwila nkhukundembo ndi maukonde n'kuzisamutsila kumene zinatha, ndipo mu 1973 kunabadwa bungwe la National Wild Turkey Federation. Lelo zilipo mamiliyoni. Koma kum'mwela cakum'mawa kwa dzikolo zayambanso kucepa, moti Georgia ndi Alabama acepetsa ciwelengelo cimene mlenje amaloledwa kupha. Sindikunena kuti TSS ndiyo yacititsa zimenezi, cifukwa kuonongeka kwa malo oikila mazila ndi zilombo zodya anapiye n'zimene akatswili amaloza kwambili. Koma tambala wovulala salembedwa pa laisensi. Mlenje amapita kukapha wina, ndipo thengo lataya awili pamene buku likuti mmodzi. Amene amati zipolopolo zodula zimabweletsa msonkho woculuka aiwala kuti msonkhowo cholinga cake ndi kusunga mbalame, ndipo suukitsa imene yaola m'citsamba.

Kuno kwathu nkhukundembo za m'thengo kulibe, kuli nkhanga ndi nkhwali. Amene akufuna kutengela zimene waona pa foni adziwe kuti choke ya nkhukundembo inapangidwila mbalame yoima. Nkhanga imathamanga n'kuuluka, ndipo imafuna choke yotsegukako. Asanafike n'komwe pamenepo, mfuti imafuna laisensi, ndipo kusaka kumafuna cilolezo ca Department of National Parks and Wildlife malinga ndi lamulo la nyama za m'thengo la 2015. Popanda zimenezi ndinu wopha nyama mozemba, kaya cipolopolo canu n'ca madola angati. Agogo athu amene ankasaka ndi gogodela anali ndi mwayi umodzi wokha, cifukwa kulonga onga kacikena kunkatenga nthawi. Ankakwawa, n'kuyang'ana kumene mphepo ikucokela, n'kufika pafupi. Anali kudziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Conco kusankha cipolopolo ndi choke si nkhani yovuta monga mmene otsatsa malonda amaionetsela. Mlenje atenge cimene thumba lake likwanitsa, makamaka copanda mtovu. Aombele pepala pa mayadi 15, pa 25 ndi pa 40, awelenge maboo, adziwe pamene mfuti yake imalekezela, ndipo malilewo asawadutse ngakhale bokosi litalonjeza zotani. Tambala akaima pa mayadi 65 n'kukana kubwela, wapambana tsiku limenelo, ndipo mlenje atsitse mfuti, abwelenso mawa ndi kuitana kwabwinoko. Inunso mukaona vidiyo ya mayadi 70, musanakanikize kamtima, funsani kuti zinavulala zingati iyi isanagwe.