Chilala Chikagwa, Boma Limawerenga Ng'ombe: Nanga M'busa?

Ku America kuli ndondomeko yotchedwa Livestock Forage Disaster Program, imene boma limalipira nayo eni ziweto chilala chikaumitsa msipu. Idabwera ndi lamulo la zaulimi la 2008, ndipo mu 2014 idakhazikitsidwa kuti ikhale yanthawi zonse. Akuluakulu a zaulimi amayang'ana mapu osonyeza kukula kwa chilala m'dera lililonse, kenaka amapatsa mwini ziweto magawo 60 pa 100 a mtengo wodyetsera ziwetozo pamwezi. Chilala chikafika poipitsitsa, ndalamazo zimakwana za miyezi isanu.

Ndondomekoyi ili ndi nzeru zake. Msipu ukatha, mlimi amagulitsa ng'ombe zowonda pamtengo wolira, ndipo pamapita zaka khola lisanadzazenso. Komabe taonani amene akuwerengedwa. Lamuloli limawerenga ziweto ndi kukula kwa malo odyetsera, silifunsa ngati m'busa akadali pantchito. Pomwetu ambiri mwa oweta nkhosa kumadzulo kwa dzikolo ndi alendo ngati inu, ochokera ku Peru ndi maiko ena, olowa ndi chiphaso cha H-2A chimene chimawamangirira kwa bwana amene adawaitana.

Kuno kwathu nkhani ndi yomweyo. Mu Meyi 2019 mtsogoleri wa Namibia, Hage Geingob, adalengeza kuti dzikolo lili pangozi ya chilala, ndipo boma lidathandiza alimi kugula chakudya cha ziweto ndi kubwereka msipu kwina. Ku South Africa, m'chilala cha 2015 ndi 2016, zigawo zingapo zidalengezedwa kuti zili pangozi, alimi nkulandira chakudya cha ziweto. Thandizo lotere limafika kwa mwini khola. Inu amene mumadzuka mbandakucha kukamwetsa ng'ombezo, kapena mumaphika ndi kuchapa m'nyumba ya pafamu, mumangouzidwa kuti ziweto zachepa, ntchito yatha.

Tsono dziwani kuti chilala sichifafaniza lamulo. Ngati mukugwira ntchito ku South Africa, bwana wofuna kuchepetsa antchito ayenera kukambirana nanu kaye, monga likunenera gawo 189 la Labour Relations Act. Akakuchotsani pachifukwa chimenechi, ayenera kukupatsani ndalama zosachepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene mwagwira. Ngati ankadula za UIF pamalipiro anu, itanitsani fomu ya UI-19. Mukaona kuti mwachotsedwa mopanda chilungamo, kadandauleni ku CCMA masiku 30 asanathe. Musaope kuti mapepala anu adatha: mu 2008, pamlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chidatha akadali wantchito pamaso pa lamulo. Ndipo ngati mumakhala pafamupo, lamulo la ESTA la 1997 limaletsa kukutulutsani m'nyumba popanda chigamulo cha khoti.

Sungani mapepala a malipiro. Lembani tsiku limene mudayamba ntchito ndi chiwerengero cha ziweto zimene mumasamala, ndipo mukamva kuti famu yalandira thandizo la boma, lembaninso tsikulo. Pokambirana za kuchotsedwa ntchito, muli ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti thandizolo lapulumutsa ntchito zingati.

Ife sitikunena kuti alimi asathandizidwe, pakuti khola likatha ntchito yanunso yatha. Tikunena kuti ndalamazo nzochokera kumisonkho ya anthu onse, kuphatikizapo imene inu mumalipira pogula sopo ndi shuga. Choncho boma lililonse lopereka thandizo la msipu liike lamulo lakuti wolandirayo asunge antchito ake, kapena aonetse umboni wakuti wawalipira zonse zowayenera. Kambiranani zimenezi m'mabungwe a antchito ndi m'magulu anu othandizana pamaliro, kuti chilala china chisanafike, pempholi likhale litafika kale kwa opanga malamulo.