ZA PAKHOMO NDI PAMSEWU: Kanyali ka batire kakamaphethira



Ulendo uno tikambirane za kanyali kofiira kokhala ndi chithunzi cha batire, kamene kali kutsogolo kwa dalaivala. Kakayaka osazima, aliyense amadziwa kuti zinthu zavuta. Koma kakamayaka n'kuzima, ambiri timangoti n'chibwana cha mawaya. Ifenso tinkatero.

Tsiku lina madzulo tidanyamuka ku Nkhata Bay ndi banja lonse kulowera ku Mzuzu pa msewu wa M5. Mtunda wake sukwana makilomita 50, koma ndi chitunda chokhachokha, pakuti mzinda wa Mzuzu uli pamwamba kuposa nyanja ndi mamita oposa 700. Mvula idayamba, tidayatsa nyali ndi mawaipa, ndipo kanyali kaja kadayamba kuphethira. Kutacha makaniko wina adangoyang'ana n'kunena kuti batire latha. Tidagula latsopano. Sabata isanathe, kanyali kaja kadabwerera. Safunsa adadya phula: ndalama zidapita, vuto lili pomwepo.

Chimene sitinkadziwa ndi ichi. Kanyali aka sikanena kwenikweni kuti batire lafa. Kakunena kuti batire silikulandira moto. Ntchito yaikulu ya batire ndi kuliza injini. Injini ikalira, chimene chimapanga magetsi ndi alternator, imene imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. Ikaleka kupereka moto, galimoto limadya za m'batire mpaka kuzima, ngati banja lomwe likudya za m'nkhokwe koma kumunda silikupita.

Tsono poti vutolo limabwera n'kuchoka, kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba, sungani m'mutu nthawi imene kanyaliko kamayaka. Kodi ndi pamvula? Pamabampu? Kapena injini ikamalira pang'onopang'ono mutaima?

Ngati ndi pamvula kapena m'mamawa, makamaka pakamveka kulira kwa tswii, kayikirani lamba. Lamba wokhwepa kapena wosalala amaterereka akanyowa, ndipo ku Mzuzu mvula ndi chifunga sizisowa. Muzimitse injini, muone ngati lambayo wang'ambikang'ambika kapena wayamba kunyezimira.

Ngati ndi pamabampu, yang'anani mitu iwiri ya batire. Gwedezani matemino ndi dzanja, sayenera kusuntha. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira, masulani, kuyambira wa chizindikiro chochotsera, tsukani ndi madzi osakaniza ndi soda yemwe timathira m'therere, pukutani, mangani zolimba. Onaninso waya wochoka ku batire kupita ku chitsulo cha galimoto, ndi kapulagi ka kumbuyo kwa alternator.

Ngati zonsezi zili bwino, pitani kwa amisiri a magetsi a galimoto, muwapemphe ayeze ndi mita inu mukuona. Batire lodzaza, injini itazima kwa kanthawi, limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Injini ikulira, pa magalimoto ambiri mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.5, ndipo isatsike kwambiri mukayatsa nyali ndi zina. Ikakhala pa 12, alternator sikupereka moto. Ikapitirira 15, ndiye kuti regulator yaonongeka ndipo iphika batire lanu.

Athu adapezeka ku Luwinga, bambo wachikulire wosapupuluma. Atayeza, mita inkakwera n'kutsika. Atamasula alternator adationetsa timakala tiwiri totchedwa mabulashi, titaperepeseka mpaka kutsala tating'ono. Nthawi zina tinkakhudza, nthawi zina ayi, ndiye kuphethira kuja. Magalimoto athu ambiri adayendapo kale ku Japan asanadzere ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, choncho kutha kwa timakalati si chachilendo. Kusintha kwake kudatidya ndalama zochepa kuyerekeza ndi za batire lija.

Chenjezo limodzi: musalole munthu azule temino ya batire injini ikulira pofuna kuyesa alternator. Kale ankatero, koma magalimoto a masiku ano ali ndi kompyuta, ndipo moto ukalumpha ikhoza kupsa.

Nanga kakayakira panjira osazimanso? Zimitsani wailesi, fani ndi zonse zosafunika, mulunjike pamalo apafupi pomwe pali anthu. Musazimitse injini pamalo oipa, mwina siyidzaliranso. Koma mukaona kuti muvi wa kutentha ukukwera, kapena chiwongolero chalimba mwadzidzidzi, imani pomwepo. Lamba waduka, ndipo pa magalimoto ambiri lamba yemweyo ndiye amazunguza pampu ya madzi. Mukaumirira mupsereza injini.

Taganizani nyali zikuzimirani usiku pa mapiri a Chiweta kapena m'nkhalango ya Chikangawa, ana ali m'galimoto. Ndi chifukwa chake tikuti, amayi, inunso mukakhala pampando wa kutsogolo n'kuona kanyaliko kakuphethira, auzeni bambo aime pagalaja ulendo wautali usanayambe. Ndipo inu abambo, musafulumire kugula batire mita isanalankhule.

Tidzakumananso m'kope likudzali, Insha Allah.