Midzi ya pa intaneti ndi milandu yake

Mu 2021 kampani ya Facebook inasintha dzina n'kukhala Meta. Inalonjeza dziko la pa intaneti loti munthu amangovala chipangizo kumaso n'kupezeka pabwalo akucheza ndi anzake a kutsidya kwa nyanja. Sipanapite miyezi yambiri, amayi ena anayamba kudandaula kuti anthu akumawagwiragwira m'dzikomo. Mu Febuluwale 2022 kampaniyo inaika malire oti munthu wina asamakuyandikire mopyola. Ambiri anadabwa kuti mlandu wotere ungabuke bwanji kumalo kopanda thupi. Akanafunsa akale sakanadabwa.

Midzi yotereyi inayamba a Mark Zuckerberg, amene anayambitsa Facebook, asanabadwe. Mu 1978, Roy Trubshaw ndi Richard Bartle, ophunzira a pa yunivesite ya Essex ku England, anayamba kupanga masewera otchedwa MUD. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Kompyuta inkangolemba kuti uli m'chipinda chakutichakuti ndipo khomo lili kumadzulo, iwe n'kulemba kumene ukufuna kulowera. Chachilendo chinali chakuti munthu wina, ali pa kompyuta ina, ankatha kulowa m'chipinda chomwecho n'kukupatsa moni. A Bartle akhala akunena kuti ankafuna malo amene munthu sangaonedwe wotsika chifukwa cha banja limene anabadwira. Cholinga chinali chabwino ndithu.

Koma pomwe pasonkhana anthu sipalephera kubuka milandu. Mu 1986 kampani ya Lucasfilm, yomwe ija inapanga filimu ya Star Wars, inatsegula Habitat, mudzi wa timatupi tojambula umene anthu ankalowamo pa kompyuta za Commodore 64 kudzera pa nthambo za telefoni. Munali ndalama, munalinso mfuti. Posakhalitsa ena anayamba kuwombera anzawo n'kuthawa ndi katundu. Anthu atafunsidwa ngati zimenezi ziloledwe, anagawanika pakati. Eni ake anagamula kuti mfuti ndi umbava zikhale kunja kwa tawuni basi. Anthu anachita kuvota kusankha mkulu wa chitetezo, koma munthuyo atasankhidwa zinapezeka kuti pulogalamuyo sinamupatse mphamvu yomanga aliyense. Anali mfumu ya dzina lokha.

Ku LambdaMOO, mudzi wa mawu okhaokha umene Pavel Curtis anayambitsa mu 1990, munthu wina anagwiritsa ntchito kapulogalamu kochititsa anzake zolaula pamaso pa gulu, iwo asakufuna. Mtolankhani Julian Dibbell analemba nkhaniyi mu 1993. Anthu anakambirana mpaka usiku osamvana chochita, kenako mmodzi mwa oyang'anira kompyutayo anangomufufuta wolakwayo payekha. Pambuyo pake m'pamene anakhazikitsa dongosolo loti anthu azivota.

Apa m'pamene pagona nkhani, omvera. M'midzi imeneyi anthu amamanga, amagulitsa, ena amapezanamo mpaka kukwatirana, koma chigamulo chomaliza chimakhala m'manja mwa mwini makina.

Second Life, imene kampani ya Linden Lab inatsegula mu 2003, inaonetsa zimenezi poyera. Ndalama yake, Linden dollar, inkasinthidwa ndi madola enieni a ku America. Mu 2006 mayi wina wodziwika m'menemo ndi dzina loti Anshe Chung analengeza kuti chuma chake chaposa madola 1 miliyoni, chochokera pogulitsa ndi kubwereketsa malo opanda dothi. Dziko la Sweden linatsegulamo ofesi ya kazembe mu 2007. Chaka chomwecho kampaniyo inaletsa juga, anthu n'kuthamangira kukatapa ndalama zawo ku banki ya m'menemo yotchedwa Ginko Financial, imene inkalonjeza chiwongoladzanja chosamveka kukula kwake. Bankiyo inagwa, ndalama za anthu n'kulowa m'madzi. Mu Januwale 2008 Linden Lab inalamula kuti mabanki onse opanda chilolezo cha boma lenileni atsekedwe, ndipo anthu a m'mudzimo anangomva chigamulocho chitalengezedwa kale.